Thupi la Achemwali

Achemwali anga ndimawadziwa ndi tepi kuposa mmene ndimawadziwira ndi maso. Ine ndine telala, makina anga ali pakhonde la golosale ina pamsika wa ku Chilomoni, ndipo chiphunzirire kuwongola msoko palibe chovala chimene iwo anavalapo chosadutsa m'manja mwanga. Ankagwira ntchito yolandira alendo ndi kuyankha mafoni pakampani ina yaikulu ya ku Makata, ya eni ake akunja. Chaka chilichonse kampaniyo inkawapatsa yunifolomu, siketi yabuluu ndi bulauzi yoyera, koma inkabwera itasokedwa poganizira anthu ena, osati iwo. Ndiye inkayamba yatera kwa ine. Ndinkamasula misoko ya m'mbali n'kulowetsamo kansalu kofanana nayo, kamene ndinkachita kukasaka m'masitolo a ku Limbe mpaka mapazi kutentha. Chaka chinacho kansalu kaja kankafunika kokulirapo, chinacho kokulirapobe.

"Iwe, tepi yakoyi yafota," ankatero akandiona ndikukoka kuti nsonga zikumane pamimba pawo. "Ukagule ina, usamanamizire thupi langa."

Tinkaseka. Achemwali anali munthu wa nthabwala, ndipo akaseka benchi yanga inkagwedezeka, amayi ogulitsa tomato tsidya la msewu n'kuyamba kuseka nawo asanamve n'komwe nkhani yake.

Kuti mumvetse za thupi limeneli, ndiyambe ndi amayi athu. Tinabadwa anayi: achimwene awiri, achemwali, ndi ine mzime. Achimwene onse awiri anapita m'zaka zija za kaliwondewonde, mankhwala asanabwere, tikukhala ku Ndirande. Anatha pang'onopang'ono pamaso pathu, woyamba, kenako wachiwiri, mpaka lamba kusowa poboola bowo lina. Nthawi imeneyo amayi ankakazinga mandasi, ndipo anali odziwika mumzere wonse wa nyumba zathu. Anthu ataona mmene achimwene aondera, anasiya kugula. Ankangodutsa beseni la amayi n'kukagula kwa mayi wina kumunsi, amene mandasi ake anali oti ukhoza kugenda nawo galu. Madzulo tinkadya tokha mandasi aja. Titaika achimwene achiwiri tinasamukira ku Chilomoni, kumene kunalibe wotidziwa.

Achemwali atapeza ntchito, n'kukwatiwa, n'kubereka, thupi linayamba kubwera, ndipo amayi anatsitsimuka nalo limodzi. Kutchalitchi ankafuna azikhala nawo moyandikana. Kumaliro ankawatsogoza dala, iwo n'kumabwera pambuyo pang'onopang'ono kuti amve zimene anthu akunena. Kwathu kuno munthu akakuuza kuti wanenepa wakuyamikira. Ndiye kuti zako zikuyenda, mwamuna akukusunga, magazi ako ndi abwino. "Koma mwana wanuyu, thupi!" ankatero anthu, amayi n'kuyankha modzichepetsa kuti ndi Mulungu, nkhope itawala. Thupi la achemwali ndilo linkatiyankhira tonse kwa anthu amene anasiya kugula mandasi aja, ngakhale kuti anthuwo tinawasiya ku Ndirande ndipo tinkayesa kuti anatiiwala kalekale.

Zimene amayi sankaona ndinkaziona ine, chifukwa telala amagwada. Ukamapinda mpendero wa siketi umayang'ana mapazi a mwini wake. Mapazi a achemwali anali otupa mpaka nsapato kulemba mizere, akakolo atada, ndipo pachala china panali kabala kamene kanatha nyengo yonse ya mvula kasanapole. Ndinkamvanso mmene ankapumira pamwamba panga, ngati munthu amene wangotula mtolo wa nkhuni. Kuchipatala anali atawauza kale kuti ali ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo mapiritsi ankayenda nawo m'kachikwama. Kugona ankagona chokhala, atatsamira mapilo.

Ndiye panali chitunda. Nyumba yawo ili kumtunda, ndipo kuchokera pasiteji pamene minibasi imathera palibe njira ina koma kukwera wapansi. Anyamata a kabaza akawaona ankayang'ana kumbali ngati pali wina akuwaitana. Pakatikati pa chitundacho pali mwala wathyathyathya, pafupi ndi mpope, umene aliyense m'deralo ankadziwa kuti madzulo ndi wa amayi a siketi yabuluu. Ankakhala pamenepo n'kumalonjera odutsa ngati angokhalira macheza. M'minibasi namo munali zake: makondakitala ena ankawauza poyera kuti alipire mipando iwiri, anthu n'kuseka, iwo n'kuseka nawo. Akafika pabenchi yanga ndi pamene kuseka kuja kunkatha. "Chikomekome cha mkuyu, mng'ono wanga," anandiuza tsiku lina, akupukuta thukuta. "Mkatimu muli nyerere."

Loweruka lina masana anabwera osanyamula chovala chilichonse. Anakhala pabenchi, anadikira kuti kasitomala amene ndinkamuyeza achoke, kenako anandiuza motsitsa mawu kuti abwana oyang'anira antchito, mayi wina wachifundo chake, anawaitanira mu ofesi. Eni kampani anali atasintha dongosolo la chithandizo cha kuchipatala m'mayiko onse mmene ali ndi nthambi. Tsopano wantchito amene kunenepa kwamubweretsera matenda akhoza kukachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu, kuti azikhuta ndi chakudya chochepa, thupi litsike, shuga agonje. Kuno opaleshoni yotere sachita, ndiye akatumizidwa ku India. Kampani ilipira zonse: ndege, chipatala, pogona, ndi munthu mmodzi wokawadikirira.

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndiye ndinayamba ndi kukalipa. Ndinati kampani yomweyi inakukhazikani pampando umodzi zaka zonsezi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, n'kumakutulirani masamusa ndi makeke otsala kumisonkhano ya mabwana, lero yaona kuti wolakwa ndi chifu? Ndinati aona kuti mwayamba kujomba, akufuna akukonzeni ngati galimoto yawo kuti muziwathamangira. Achemwali anandisiya ndilankhule mpaka mawu andithere.

"Zonsezo n'zoona," anatero. "Koma ine ndikufuna ndizimanga ndekha zingwe za nsapato. Ndikufuna ndikwere chitunda chija osakhala pamwala. Wokandidikirira ndanena kuti ndiwe. Ukajambulitse za pasipoti."

Ndinawayang'ana kumaso, ndipo ndinaona kuti akuyembekezeradi, chinthu chimene ndinali ndisanawaone nacho kwa zaka. Ukali wanga unathera pomwepo. Tsiku limenelo ndinatseka makina dzuwa likadali pamutu, n'kuwaperekeza mpaka kunyumba.

Zinthu zinayenda msanga kusiyana ndi mmene zimayendera kuno. Dotolo wa chipatala cholipira cha m'tauni anawayeza n'kunena kuti akuyenera, ndipo anawonjezera kuti asachedwe chifukwa impso zayamba kutopa. Ine ndinaima pamizere mpaka pasipoti inatuluka. Ndinaiika m'kabati ka makina, pansi pa maulusi, ndipo makasitomala akachoka ndinkaitulutsa n'kumayang'ana chithunzi changa, chimene ndinatulukamo ngati munthu wogwidwa ndi apolisi. Ndege ndinali ndisanakwerepo. Ndinafika mpaka poganizira madiresi amene ndidzawasokere tikadzabwerako, ogwira m'chiuno, amene anasiya kuvala atangobereka mwana woyamba.

Chinatsala n'chimodzi, ndipo amene anachinena ndi alamu, amuna awo a achemwali, munthu wofatsa woyendetsa lole. "Ine za thupi lanu sindinadandaulepo," anatero, "ndipo mukafuna kupita sindikuletsani. Koma nkhani ya mpeni si yanga. Muitane eni mbumba." Sikuti ankathawa udindo. Kwathu, ife ochokera ku Phalombe, mwamuna amakwatira mkazi koma moyo wa mkaziyo umakhalabe wa kwawo. Mkamwini akavomera yekha kuti mkazi wake ang'ambidwe, zinthu n'kulakwika, mlandu wake umamutsata mpaka kumanda. Munthu sapita kumpeni asanatsanzike kwa amayi ake ndi kwa amalume. Achemwali anali munthu wamkulu, wa ntchito yake, wa ana akusekondale, ndipo achipatala ankangofuna mawu a iwo eni. Koma nawonso sakanakwera ndege mozemba ngati wakuba.

Amalume anabwera Lamulungu, atanyamula thumba la nandolo ndi tambala. Atangolowa n'kuona achemwali atadzaza mpando wa pabalaza, anawomba m'manja. "Eee, koma akamwini mukutisungira! Uyu ndiye munthu, osati timitengo tikuyenda m'tauni munoti." Ponena timitengo anandiyang'ana ine. Tinadya, tinapemphera, kenako achemwali anafotokoza nkhani yonse bwinobwino, mwaulemu, manja ali pamiyendo. Amayi anali pamkeka pafupi ndi khomo. Pasofa sankakhalapo, ankati amawathyola msana.

"Pepani, mwina sindinamve," anatero amalume. "Matenda akewo ndi ati?"

"Kunenepaku, amalume. N'kumene kukubweretsa shuga ndi bipi."

"Kunenepa." Anabwereza mawuwo pang'onopang'ono. "Ndiye kuti ife kumudzi tikulimbana ndi njala, kuno mwayamba kudula anthu chifukwa chokhuta? Munthu amapita kumpeni atanyamulidwa, osati akuyenda ndi miyendo yake. Nanga azunguwo apindulapo chiyani? Munaionapo kampani yopereka ndege yaulere? Akakakutsegulani kumeneko, ndani akaone zimene achotsamo? Uyu?" Anandilozanso ine.

Apa zinandikwana. Ndinati amalume, inu mumawaona kamodzi pachaka atakhala pansi, ine ndimawaona mapazi. Ndinati achemwali vulani nsapato aone okha. Ndinati dotolo wanena kuti impso zatopa, ndipo impso si nandolo woti mudzabzala wina. Amalume anandiuza kuti ndizikhala chete akulu akamalankhula, n'kufunsa alamu ngati ana onse m'tauni muno ndi otere. Koma ndinaona kuti nkhani ya impso yawalowa. Anasisita chibwano, maso ali pa mapazi aja. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti amalume akanagonja tsiku limenelo.

Amene anali asanalankhule ndi amayi.

"Akakakudula," anafunsa ali chiweramire, "udzaonda?"

"Eya, amayi. Cholinga chake n'chimenecho."

"Msanga?"

"Akuti m'miyezi yoyamba thupi limatsika kwambiri."

"Anthu udzawauza chiyani?"

"Ndidzawauza zoona, kuti ndinachitidwa opaleshoni."

"Ifenso tinkawauza kuti ndi chifuwa," anatero amayi. "Anakhulupirira ndani?"

Kenako amayi anachoka pamkeka paja, koma sanaimirire. Anayenda ndi mawondo, mawondo awo a nyamakazi aja, kudutsa pasimenti mpaka pamene panali achemwali, n'kugwira mapazi awo ndi manja awiri. Amalume anatembenuzira nkhope kukhoma. Alamu anatuluka panja. Mayi sagwadira mwana wake. Ndi chinthu choti munthu sayenera n'kuchiona komwe.

"Ndinaika ana awiri opepuka ngati mapesi," anatero amayi. "Anyamata ananyamula bokosi ngati mulibe munthu. Ndinawaona akutha tsiku ndi tsiku, ndikuwaphikira, ndikuwasambitsa, akungotha. Sindingaonenso mwana wanga akutha, kaya ndi matenda kaya ndi dotolo. Maso angawa sadziwa kusiyanitsa. Dikira ndiyambe ndafa, ukadulitse bwino."

Ndinathamanga kuti ndiwadzutse koma anandikankha ndi chigongono osandiyang'ana. Achemwali ankalira. Anayesa kuwerama kuti awagwire m'mapewa, koma mimba inawatchinga, manja sanafike. Anayesa kudzuka pampando, koma amayi anali atakanirira mapazi. Anayesanso kuwerama, mpweya n'kuwathera. Munthu wina aliyense akanawanyamula amayi ake, kuwakhazika pampando, n'kupitiriza kukambirana. Achemwali sakanatha. Chimene chinawatsalira chodzutsira amayi pansi paja chinali pakamwa pokha.

"Dzukani, amayi," anatero. "Sindipita."

Amayi anadzuka. Amalume anapukuta m'maso ndi chipewa, n'kunena kuti mawu a akulu akoma akagonera. Agonera mawuwo, zaka zadutsa, ndipo ine ndikudikirabe kuti akome.

Sindinangokhala. Ndinayamba ndi achemwali eni ake. Ndinawauza kuti tinyamuke mwakachetechete, amayi tiwauze kuti mwatumidwa kumaphunziro, pobwera zidzakhala zitachitika kale, adzalira adzatonthola. Anapukusa mutu. "Ndinalonjeza munthu atagwada," anatero. "Nanga ndikakafera patebulopo, iwe udzabwera ndi bokosi udzawauza chiyani? Ungausenze umenewo?"

Ndinapitanso kwa amayi kangapo, tsiku lina ndi ukali, lina ndi misozi, lina ndi sopo ndi mchere ngati ndikukafunsira mbeta. Ndinawauza kuti masiku ano si kale, anthu a matenda aja akumwa mankhwala, ndi onenepa kuposa ife, palibenso amene amayeza magazi a mnzake ndi maso. Ankandimvera mpaka kumapeto n'kundifunsa ngati ndadya. Ndinawakokera kwa dotolo uja kuti akamve okha. Dotolo anawafotokozera moleza mtima, mpaka kujambula chifu papepala, amayi akugwedeza mutu ndi kuthokoza. Titangotuluka pageti anandigwira mkono. "Wamuona mmene waondera iyeyo?" anatero. "Ayambe wadzithandiza yekha."

Kuntchito achemwali ananena kuti mwina chaka chamawa, ndipo abwana aja anati palibe vuto, mwayi udzakhalapobe. M'malo mwawo munapita bambo wina wa ku akaunti, amene nayenso ankapumira pamasitepe. Anabwerako, thupi linatsika, mapiritsi a shuga anasiya. Achemwali ankamuona m'mawa uliwonse akudutsa pampando wawo, akukwera masitepe aja ngati mnyamata, ndipo madzulo ankandifotokozera ngati nkhani yosangalatsa. Ine ndinkangoti ehe, maso ali pasingano.

Achemwali anayamba kuyesa njira zimene aliyense amayesa: madzi otentha a mandimu m'mawa, tiyi wina wowawa amene mnzawo wa kuntchito ankagulitsa m'timapaketi, kusiya chipisi cha pachiwaya. Thupi linatsikako pang'ono, moti ndinabweza siketi imodzi ndi chala chimodzi, ndikuimba nyimbo. Lamulungu lotsatira mayi wina wa kutchalitchi anawagwira dzanja nthawi yaitali n'kuwafunsa, ndi mawu aja otsitsa amene tonse timawadziwa, kuti, "Koma muli bwinobwino?" Amayi anali pomwepo. Mawa lake anakwera chitunda ndi poto wa futali pamutu, n'kukhala pamkeka kudikira mpaka achemwali amalize.

Chaka chamawa chija chitafika, kwacha inali itatsika mphamvu, ndalama zakunja zikusowa, ndipo kampani inaunikanso dongosolo lake. Zotumiza anthu kunja zinachotsedwa. Achemwali anandiuza nkhaniyi pabenchi pomwe paja, akuseka. "Zengerezu adalinda kwawukwawu," anatero. "Pasipoti yako ija ukaodere zitenje ku Tanzania." Ine sindinaseke. Ndinkafuna munthu woti ndimukalipire, ndipo ndinamusaka sabata yonse osamupeza. Kampani inapereka, ife tinakana. Nanga amayi, munthu wa manda awiri, ndikanawayamba bwanji?

Achemwali anagwera pamwala uja. Linali tsiku lantchito, madzulo, ali mu yunifolomu. Azimayi amene ankatunga madzi pampope anaona kuti akhalitsa, ndipo atawalonjera anayankha zosamveka, pakamwa patapotoka, kenako anatsetserekera pansi. Mmodzi anathamanga kudzanditenga kumsika. Kuti tiwatsitse pachitunda paja mpaka pamene galimoto imafika panafunika amuna a m'nyumba zonse zozungulira, ndi chitseko chimene wina anachita kuzula panyumba pake. Kuchipatala anati ndi sitiroko.

Ndinawadikirira ndine, monga tinapangana, koma osati ku India. Kampani inalipira chipatala chonse, sindinganame, ndipo abwana aja anabwera ndi maluwa, analira nafe. Patapita miyezi anawapumitsa ntchito. Pampando uja pakhala mtsikana wina tsopano, ndipo ndikumva kuti yunifolomu imamukwana popanda telala.

Achemwali anabwerera kunyumba mbali ya kumanja itafa. Mawu amatuluka amodziamodzi, movutikira, ndipo kumeza kumawavuta, moti chimene chimalowa ndi phala lamadzimadzi basi. Thupi lija linayamba kuchoka. Linachoka msanga, monga mmene anatiuzira kuti lidzachokera ndi opaleshoni ija, koma shuga ali pomwepo, impso zikunkera kutopa. Khungu la m'mikono linalendewera. Mphete yaukwati alamu anaitenga n'kuisunga, chifukwa inkangovuka yokha. Anthu ankabwera kudzazonda, ankapemphera, ankasiya nthochi. Akatsika chitunda ankadutsa pamsika, ndipo ena sankadziwa kuti telala wa pakhonde ndi mng'ono wake wa wodwalayo. Ndinamva ndi makutu angawa mayi wina akuuza mnzake, uku akusankha tomato, kuti sitiroko ndi dzina chabe, iye wamva kuti banja limeneli ndi mmene amathera, kuyambira kale ku Ndirande. Ndiye kuti nkhani ija inakwera minibasi n'kutipeza. Ndinapitiriza kupalasa makina, ulusi utaduka kalekale.

Amayi anasamukira kwa achemwali. Ndi amene amawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi kasupuni, akupukuta lotayikira ndi nsonga ya chitenje. Za Lamulungu lija sanatchulepo. Ine mawu ndili nawo, ndipo ndimakwera nawo chitunda akuwira. Koma ndikafika n'kuwapeza atagwada pafupi ndi bedi, pa mawondo omwe aja, akupaka mafuta mapazi a mwana wawo, mawuwo amabwerera okha kukhosi. Ungamuuze chiyani mayi amene akuona kachitatu chinthu chimene anagwada kuti asachionenso? Ndimangotenga beseni n'kukataya madzi.

Mwezi watha amayi anatsika kumsika ndi jumbo. Munali diresi la achemwali la kutchalitchi, lobiriwira, limene ndinawasokera ndekha n'kumalikuza chaka ndi chaka, moti m'mbali mwake munadzaza nsalu zanga zowonjezera. Azimayi a kumpingo anali atapeza njinga ya olumala, ndipo ankafuna kuwatengera achemwali kumapemphero. Amayi anati ndilibweze kuti liwakwane.

Ndinalitembenuza, ndinaliyala patebulo, ndinalemba ndi choko. Tepi sindinaifune, thupi latsopanoli ndimalisambitsa nawo, ndimalidziwa. Nsalu yotsala kunja kwa mzere wa choko inali yambiri, yoti ungasokere mwana siketi mbali iliyonse. Ndinatenga sizasi.

Amayi anandigwira pamkono.

"Usadule," anatero. "Ungopinda mkati. Akachira thupi lidzabwerera, ndiye nsalu yofanana nayo udzaipeza kuti?"

Ndinawayang'ana. Apa ndi pamene ndikananena zonse, pamsika pomwepo, aliyense amve. Koma ndinaona chimene ndinali ndisanachione chifukwa chotanganidwa ndi kukwiya: nawonso atha, chitenje akuchizunguliza kawiri. Ankandiyang'ana mondipempha, ndipo ndinawamvera chisoni.

Ndinaika sizasi pansi. Ndinapinda nsalu ija mkati, mbali iyi ndi iyo, n'kuisoka. Telala aliyense akudziwa kuti msoko wotere ndi wolakwika: ndi wochindikala, umalemera, umakanda m'nthiti. Singano inathyoka podutsa pamene nsalu zinaunjikana, ndinaikapo ina.

Lamulungu ndinakwera kukawaveka ndekha. Diresi litakhala m'thupi, achemwali anayendetsa dzanja lawo lamoyo m'mbali n'kupeza chimulu chija cha nsalu mkati. Anachifinya, anandiyang'ana, kenako anayang'ana amayi, amene anali kalikiliki kuwamanga duku. Amayi anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti awaone bwino, n'kunena kuti masaya ayamba kudzaza.

"Si choncho, iwe?" anandifunsa.

Ndinati eya, amayi, ayamba.